Tsiku Limene Ndinayanika Zindudu za Apongozi

Ndinalowa m'banja la ku Tafara, kuno kudziko la anthu achishona, ndili ndi nthenda imodzi imene ndinayamwira kwa mayi anga, nthenda yodana ndi chinyezi. Kwathu ku Glen View, kumene makolo anga anadzakhala atathawa nkhondo ku Tete, mayi ankakhulupirira kuti chilichonse chofuna kusungidwa chiyenera kuyamba chauma kuti gwaa. Nyemba, mfutso, mabulangete, nsapato za abambo, ngakhale makadi athu a kusikelo, zonse zinkaonana ndi dzuwa. Mwezi wa Okutobala ukafika, denga lathu linkakhala ngati msika. Ndinakula ndikumva kuti mkazi waulesi amadziwika ndi fungo la chuku m'nyumba mwake, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti kulikonse kumene ndidzakwatiwe, fungo limenelo silidzamveka ine ndilipo.

Mwamuna wanga ndi kalipentala. Tinadziwana kumalo opangira mipando ku Glen View komweko, iye akukhoma masofa, ine ndikugulitsa mahewu ndi mabanzi kwa anthu ogwira ntchito. Titakwatirana tinapatsidwa chipinda chimodzi m'nyumba ya makolo ake, kanyumba ka zipinda zinayi kokhala ndi mtengo wa mapeyala kumaso ndi timanyumba tiwiri ta maloja, anthu a lendi, kuseri. Apongozi aakazi anandilandira ndi manja awiri. Sabata isanathe tinali tikuseka limodzi nkhani za maloja. Ankandiitana kuti muroora, kutanthauza mkazi wa mwana wawo, monga amachitira anzawo achishona, koma akakondwa kapena akadzidzimuka ankangoti mwanawe.

Vuto linali apongozi aamuna. Anali munthu wamtali, wowonda, wa shati yosita ndi yopisira ngakhale akungopita kukathirira masamba kuseri. Anagwira ntchito yophika m'nyumba ya mzungu wina kumayadi zaka zoposa makumi atatu, ndipo ntchitoyo inawasiyira mayendedwe opanda phokoso, moti unkangozindikira aima kale kumbuyo kwako. Analinso mkulu wa mpingo. Iwo ankafuna kuti mwana wawo akwatire mtsikana wina wa kutchalitchi kwawo, amene makolo ake anali a ku Dowa ngati iwowo. M'malo mwake kunabwera ine, mwana wa othawa nkhondo, wa Chichewa chosakanikirana ndi Chinyungwe. Sanandinyozepo, ayi. Anangondipatsa dzina, ankanditcha alendo.

"Alendowa adya?" ankafunsa akazi awo, ine ndili pomwepo ndikupukuta tebulo. "Tawafunsani alendowa ngati aona magalasi anga."

Zoti mpongozi sacheza maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna ndinkazidziwa, ndipo sizinkandivuta, poti kwathunso mwambo ndi womwewo. Chimene chinkandibaya ndi dzinalo. Mlendo ndi munthu amene mukudikira kuti anyamuke. Miyezi isanu ndi umodzi ndikukolopa nyumba imeneyo, ndikulawirira kukaima pamzere wa pamjigo, koma ndinali mlendobe. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo popeza ndine wamakani, ndinalumbira kuti dzinalo ndidzalichotsa ndi manja angawa.

Mwayi ndinauona Lachinayi lina mu Okutobala. M'nyumbamo munalowa nsikidzi, zimene apongozi aakazi anati zabwera ndi matiresi a loja watsopano. M'mawa wa tsikulo apongozi aamuna anapita kutauni kukaonana ndi dokotala wa maso. Aakazi anatulutsa okha katundu yense wa m'chipinda chawo, poti ine m'chipinda cha apongozi sindingalowemo, n'kumuunjika pakhonde. Atathira mankhwala m'chipindamo anavala yunifolomu yawo ya amayi a mpingo.

"Muroora, ndathamangira kumapemphero. Uyanike zonsezi zione dzuwa, tilowetsa madzulo."

"Zonse, mayi?"

"Zonse. Pasatsale kanthu."

Mawu amenewo ndimawakumbutsa mpaka lero, iwo n'kumanamizira kuti sakumva.

Ndinayanika mabulangete pawaya, matiresi pamipando, masutikesi ndinawatsegula onse. Pansi pa muluwo ndinapeza chinthu chokulungidwa m'thaulo lakale. Linali bokosi lathabwa, losalala, lolemera, lotsekeka bwino moti potsegula linayamba lakana. M'menemo munatuluka fungo lokoma, la fodya losakanikirana ndi la mtengo wonga mkungudza. Munagona ndudu khumi zikuluzikulu, zonenepa kuposa chala chachikulu cha mwamuna, zokulungidwa ndi tsamba la fodya lenileni m'malo mwa pepala, iliyonse itavala kamphete ka pepala. Pambuyo pake ndinadzamva apongozi akuzitchula dzina lake lachizungu, masigaa, koma tonse m'nyumbamo tinkangoti zindudu.

Ndinagwira chimodzi. Chinali chofewa ndi chozizira. Pakona ya bokosilo panali kachitini ka polishi kobooledwa pachivundikiro, m'kati muli kasiponji konyowa.

"Mayo ine," ndinadzilankhulira, "ndani wosasamala chonchi? Katundu wa bambo akuola!"

Ndinaona kuti tsiku langa lafika. Nyumba yonse yalephera kuona kuti chuma cha mwini nyumba chikunyowa, waona ndi mlendo. Kasiponjiko ndinakafinya n'kukaponya kudzala. Zindudu ndinazindandalika bwinobwino m'lichero, ndinakwera pampando, n'kuika licherolo padenga la malata la timanyumba ta maloja, pamene dzuwa limamenya osapumira. Bokosi ndinalikhazika pambali pake lili chitsegulire. Masana ndinakweranso kukazitembenuza ngati matemba kuti mbali zonse ziume mofanana. Ntchitoyo ndinaigwira ndikuimba, ndikuganizira zimene bambo anene madzulo. Pofika cha m'ma folo koloko zinali zitauma moti mayi anga akanandinyadira, zopepuka, zolimba, zolira kuti tswatswatswa ukazigwira.

Anayamba kufika ndi apongozi aakazi. Ndinawachingamira pageti ndi lichero m'manja, mano onse ali pamtunda. Anayang'ana m'licheromo, anayang'ana ine, kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo ndi yunifolomu yawo yoyerayo.

"Maiwe zvangu! Muroora, watipha!"

"Zinanyowatu, mayi. Munali mpaka siponji."

"Siponjiyo ndiye moyo wake! Mwanawe, madzi amene abambo ako amadontheza paketulo Lamulungu lililonse aja umayesa ndi a chiyani?"

Ndinkayesa ndi mankhwala a maso. Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi, apongozi aamuna ankawiritsa madzi m'ketulo, n'kumagwira mbale yozizira pamwamba pa nthunzi, madontho n'kumagwera m'kakapu. Akatero ankalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Munthu wodwala maso akamachita zimenezo, ine ndikanaganiza chiyani?

Tili pafumbi pomwepo anandifotokozera zonse. Kunyumba ya mzungu kuja, ntchito ina ya apongozi aamuna inali yosamala zindudu za bwana, ndipo ankaidziwa kuposa mwini wakeyo. Mzunguyo pochoka m'dziko muno anawasiyira bokosilo muli zindudu khumi. Iwo sasuta. Koma ali mnyamata, tsiku limene ankanyamuka ku Dowa kudzafuna ntchito kuno, achimwene awo anawaperekeza mtunda wautali wapansi mpaka pokwerera basi, n'kuwapatsa fodya wa m'munda mwawo kuti akasinthanitse ndi chakudya panjira. Apongozi analonjeza kuti tsiku lodzaonananso, achimwene awowo adzasuta fodya amene sanamulawepo chibadwire. Zaka zinapita, ana anabadwa, maulendo ankangolephereka, abale awiriwo osaonana. Bokosilo anali atalisamala zaka zisanu ndi zitatu, ndipo tsopano uthenga unali utabwera wakuti achimwene awo, ana awakonzera ulendo, afika pa Khirisimasi.

"Yatsala miyezi iwiri yokha," anatero apongozi aakazi, "ndiye iwe wakaziotcha padenga."

"Munati zonse, mayi."

"Ndimanena zonse za anthu! Ndikanadziwa bwanji kuti ndalitulutsira limodzi ndi masutikesi?"

Apa m'pamene panachitika cholakwa chachiwiri, ndipo ichi tinachitira limodzi. Tinagwirizana kuti chinthu chikauma chimafewa ndi madzi, poti mfutso umatero, nyemba zimateronso. Tinatereka madzi pamoto, tinatenga zindudu ziwiri zoyesera, tinazikulunga m'kansalu konyowa n'kuzigwira pamwamba pa nthunzi, apongozi akupemphera chapansipansi, ine ndikusuzumira kugeti. Titafunyulula kansaluko, zonse ziwiri zinali zitatupa n'kung'ambika m'litali ngati mbatata yootcha, fodya wam'kati ali panja.

Geti sitinalimve. Ndanena kale za mayendedwe awo. Tinangoona mthunzi pakhomo la khitchini.

Apongozi aamuna anaima pamenepo, chipewa chili kumutu. Anayang'ana poto, anayang'ana kansalu, anayang'ana lichero. Anatola chindudu chimodzi, anachifikitsa kukhutu n'kuchipotokola pang'ono pakati pa zala. Ngakhale ine ndinamva kulira kwake. Anachibwezera m'lichero mosamala. Ine ndinali nditagwada kale, mutu uli pansi, ndikudikira bingu.

"Mayi," anatero kwa akazi awo ndi mawu otsika, "tawafunsani alendowa ngati pali chinanso chimene akufuna kuyanika. Baibulo langa lili patebulo."

Tsiku limenelo sanadye. Mwamuna wanga atabwera n'kumva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira khoma, ndipo anasiya ataona nkhope yanga. Anayesa kundilimbitsa mtima m'Chishona chakecho kuti mudhara, kunena bambo akewo, sachedwa kuzizira mtima, koma ine ndinali nditakwiyira aliyense. Ndinakwiyira apongozi aakazi chifukwa cha "zonse" wawo uja, aamuna chifukwa chosunga chinsinsi pansi pa bedi, ndi mayi anga amene anandiphunzitsa kupembedza dzuwa. Koposa zonse ndinali ndi manyazi. Ndinkafuna kuchotsa dzina la mlendo, koma ndinali nditaononga lonjezo la munthu kwa m'bale wake.

M'mawa mwake ndinagwada pakhomo la pabalaza, apongozi aamuna ali pampando wawo, aakazi ali pasofa.

"Mayi, mundipepesere kwa bambo. Muwafunsenso ngati fodyayu angadzuke. Ngati angadzuke, ntchitoyo ndigwira ine."

Apongozi aakazi anabwereza mawu anga onse, ngakhale kuti eni ake anali atawamva bwinobwino. Kenako bambo anavula magalasi.

"Auzeni alendowa kuti akhoza kudzuka, akhozanso kukana. Fodya wouma safuna anthu achangu ngati iwowo. Auzeninso kuti siponji yanga imene ili kudzala ija aisiye komweko, akapeze yatsopano imene sinaonepo sopo."

Sukulu inayamba tsiku lomwelo. Popeza kuchipinda kwawo sindikanalowa, bokosi linasamukira pabalaza, pansi pa kabati ya mbale, pakona ya simenti pamene dzuwa silifika. Ndinafunsa, kudzera kwa mayi, ngati sikukanakhala bwino kuziika mufiriji. Yankho linabwera lakuti firiji imayamwa madzi ngati denga lomwelo, ndipo ndi magetsi athu ozima ndi kuyaka mmene afunira, fodyayo akhoza kupenga.

Loyamba kudwazikidwa linali bokosi lenilenilo, chifukwa nalonso ndinali nditaliumitsa, ndipo thabwa laludzu likanalanda madzi onse. Linakhala masiku angapo lili chitsekere, muli kambale ka madzi basi. Zindudu zisanu ndi zitatu zotsalazo zinadikira m'chitini cha mabisiketi, siponji ili kutali pakona, yofinyidwa mpaka kutsala pang'ono kuuma. Apongozi anafotokoza kuti ukafulumiza, fodya wam'kati amatupa tsamba lakunja lisanafewe, ndiye limaphulika, "monga mmene alendowa ndi anzawo aonera kale." Apongozi aakazi pobwereza, mawu akuti anzawowo anawasiya panjira.

Madzi a pampopi anawakana, ati ali ndi mankhwala, komanso mpopi wathuwo unkatulutsa madzi mwa apo ndi apo. A pamjigo anawakananso, ati amasiya mchere. Ndiye ndinaphunzira kugwira mbale pamwamba pa ketulo, zala zikupsa, kudikira madontho amene sankadzaza ngakhale chitsekerero cha botolo. Ine amene ndimanyamula ndowa ziwiri nthawi imodzi ndinkayenda monyang'ama ndi kakapu kameneko. Pakapita masiku awiri ndinkasamba m'manja, kugwada pakabati paja, n'kutembenuza chindudu chilichonse pang'ono. Chimene chinali pafupi ndi siponji chinkapita kutali, chakutali n'kubwera pafupi, osalola kuti china chikhudzane ndi madzi. Chimodzi chinali chitang'ambika kale padenga paja ndipo sichinachire. Zinatsala zisanu ndi ziwiri.

Sabata yoyamba palibe chinasintha. Yachiwiri chimodzimodzi. Dzanja linkachita kundiyabwa kuti ndiwonjezere madzi mozemba, koma ndikakumbukira poto uja ndinkadzigwira. Loweruka lina ndinapita ku Glen View kukadandaula kwa mayi anga. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anati sakuona pamene ndinalakwa.

"Chinthu chonyowa m'bokosi lotseka ndi uve basi, kaya ndi cha mzungu kaya cha ndani. Anthu a ku Dowa amenewo akukusungitsa matenda."

Ndinangozindikira ndikuwaikira kumbuyo apongozi, ndikufotokoza za tsamba lakunja ndi madzi a paketulo, mawu atakwera. Mayi anandiyang'ana chammbali n'kunena kuti zaoneka ndakwatiwadi.

Amene anayamba kutopa ndi apongozi aakazi. Anali ndi tebulo lawo la tomato ndi masamba pamsewu, ndipo ntchito yotanthauzira Chichewa kupita m'Chichewa inkawathawitsira makasitomala. Tsiku lina anangodzuka pakati pa phunziro.

"Inu awiri muli ndi makutu. Ine ndikukagulitsa."

Tinatsala awiri pabalaza, bokosi lili pakati. Ndinamva apongozi akukonza kukhosi, kenako analankhula akuyang'ana kabati.

"Pakanakhala munthu, akanawauza alendowa kuti chachitatucho sanachitembenuze."

Makani anga anadzuka, pakuti ndinali nditachitembenuza. Nanenso ndinayang'ana kabati.

"Pakanakhala munthu, akanawauza bambo kuti ndinayambira chomwecho. Aone, kamphete kayang'ana pansi."

Anawerama, anayang'anitsitsa, kenako anatsokomola chifuwa chimene sichinali chifuwa. Kuyambira tsiku limenelo kabati ija inatenga ntchito ya apongozi aakazi, ndipo inamva zambiri. Inamva mmene munthu amayesera chindudu ndi chala, kuti ukachifinya pang'ono chizilola, ukachisiya chizibwerera. Inamva kuti fodya ali ndi anankafumbwe akeake amene amadzuka kukatentha n'kuboola timabowo, n'chifukwa chake bokosi limafuna pozizira. Tsiku lina inamva za achimwene awo, mmene ankawaberekera powoloka mtsinje popita kusukulu, ndi mmene uthenga wa imfa ya mayi awo unawapezera kuno maliro ataikidwa kale, iwo n'kulirira kuseri kwa khitchini ya mzungu, kenako n'kusukusula kukaperekera tiyi. Tsiku limenelo ndinatembenuza zindudu misozi ili m'maso. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinayamba kuwakonda.

Mvula itayamba mu Novembala mpweya unasintha, ine osadziwa kuti nanenso ndiyenera kusintha. M'mawa wina ndinapeza kadontho ka chuku pachindudu chimodzi. Chuku, m'manja mwanga, ine mwana wa mayi anga! Ndinatsala pang'ono kuthamangira nacho padenga. Kabati inauzidwa kuti alendowa akhale pansi, apukute kadonthoko ndi kansalu kouma, chinduducho achipatule kwa zinzake, ndipo siponji ipume masiku angapo chifukwa nyengo ya mvula mpweya umathirira wokha. Ine ndinauza kabati kuti fodya ameneyu ndi wovuta kuposa khanda. Kabati inayankhidwa kuti n'zoona, n'chifukwa chake ntchitoyi saipatsa munthu aliyense. Mawu amenewo ndinayenda nawo tsiku lonse.

Kutatsala sabata imodzi kuti Khirisimasi ifike, apongozi anayesa zonse zisanu ndi ziwiri, chimodzichimodzi, kukhutu ndi pachala. Sizinalire. Zinalola, zinabwerera. Ndinafuna kuimba nthungululu, koma iwo ananunkhiza chimodzi kwa nthawi yaitali n'kupukusa mutu.

"Thupi labwerera," anauza kabati, "koma fungo lina linapita ndi dzuwa, ndipo limenelo silibwerera. Munthu wamba sangadziwe. Koma achimwene alima fodya moyo wawo wonse. Adziwa, ndipo afunsa."

Chimwemwe changa chinathera pomwepo. Ndinkadziwa mmene nkhani zotere zimayendera. Akafunsa auzidwa, poti mkulu wa mpingo sanama. Akauzidwa apita nayo nkhaniyo ku Dowa, ndipo abale onse a mwamuna wanga, amene sanandionepo, adzandidziwa monga mlendo wa ku Tete amene anayanika fodya wa apongozi padenga. Ana anga adzabadwa n'kuipeza nkhaniyo ikuwadikira.

Tsiku la ulendowo litakwana, mwamuna wanga ndi bambo ake anapita kukachingamira achimwene aja kudepoti ya mabasi ku Mbare. Ine ndinatsala ndikusosola nkhuku. Atafika pageti sindinakhulupirire kuti anthu awiriwa ndi a mimba imodzi. Achimwene awo anali aafupi, ojintcha, a mawu omveka mpaka nyumba yachitatu, atakolekera paphewa thumba la mtedza limene anakana kuti wina awalandire. Apongozi anga, munthu wa shati yopisira uja, anali atawagwira dzanja osafuna kulisiya, shati itatuluka mbali imodzi, maso ali psuu.

Titadya chamasana amuna anatulutsa mipando pansi pa mtengo wa mapeyala. Apongozi aakazi anandikodola kuti nthawi yakwana. Ndinaika bokosi pathireyi pamodzi ndi lezala ndi machesi, n'kukagwada pambali pa mipando, thireyi ili m'manja. Apongozi anatsegula.

"Achimwene, mukumukumbuka fodya amene munandipatsa pokwerera basi uja?"

"Ndingamuiwale? Fodya wanga wabwino kuposa yense, iwe n'kukamusinthanitsa ndi zitumbuwa!"

"Ndinalonjeza kuti mudzasuta amene simunamulawepo. Ndi ameneyu."

Achimwene awo anasiya kuseka. Anapukuta manja pathalauza, anasankha chimodzi, anachiyang'ana m'litali mwake, anachifinya, n'kuchidutsitsa kawiri pansi pa mphuno. Apongozi anadula kansonga ndi lezala, anakhwatcha machesi, n'kumazunguliza chinduducho pamwamba pa lawi mosafulumira mpaka mutu wonse unagwira moto. Akuluwo anakoka, anasunga utsi m'kamwa, kenako anautulutsa pang'onopang'ono atatsinzina. Maloja anali akusuzumira pakona ya nyumba.

"Fodya uyu ndi mfumu," anatero potsiriza. Anakokanso, kenako anatsegula diso limodzi. "Koma anapsapo ndi dzuwa. Anauma gwaa, kenako wina anamunyengerera. Ndi chitsiru chiti chimene chinaika fodya wotere padzuwa?"

Apongozi aakazi anadzuka n'kuyamba kupirikitsa nkhuku imene sinalakwe kanthu. Mwamuna wanga anayang'ana m'mwamba kuwerenga mapeyala. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere ndekha ndisanalozedwe, koma apongozi aamuna ananditsogolera.

"Ndine, achimwene. Ukalamba uwu. Ndinalisiya pawindo bokosili lili chitsegulire, ine n'kupita kuchipatala."

Mkulu wa mpingo kunama masana dzuwa likuswa mtengo, nkhope osagwedezeka n'komwe!

"Ndinadziwa," anatero achimwene awo akumenya bondo. "Iwe unali wotero kuyambira uli mwana. Nanga anamudzutsa ndani? Ameneyo ndiye akumudziwa fodya."

"Mwana wangayu," anatero apongozi akundiloza. "Miyezi iwiri, dontho ndi dontho. Ine ndinkangoonerera."

Achimwene awo anandiyang'anitsitsa, anagwedeza mutu, n'kunena kuti akabwerera kumudzi akauza anthu kuti m'banja muno mwalowa munthu wa dzanja la fodya, ndipo mng'ono wawoyo asadzayandikirenso bokosilo. Anaseka mpaka kutsamwa ndi utsi, anayamba kusimba za zitumbuwa zija, chindudu n'kuzimira m'manja. Apongozi anagwedeza kabokosi ka machesi, anapeza kuti atha. Anatembenuka. Sanayang'ane akazi awo, sanayang'ane mtengo, anayang'ana ine.

"Mwananga, tatitengera machesi ena."

Ndinayankha kuti chabwino bambo, ndinadzuka n'kulowa m'khitchini. Machesi amakhala pawindo, ndipo ndinali nditawaikapo ndekha m'mawa womwewo. Koma ndinaima pamenepo ndikulira, osawaona, mpaka apongozi aakazi analowa, anawatola patsogolo panga penipeni, n'kundifumbatitsa.

"Pukuta m'masomo, mwanawe," anatero. "Abambo ako akudikira."